Kupempha ndalama zojambulira pakhoma ku America: yambirani kwa eni dera

Mu 2021 bungwe la Monument Lab linawerenga zipilala zachikumbutso za ku America. Pa anthu 50 omwe ali ndi zipilala zochuluka, theka anali ndi akapolo, ndipo akuda ndi eni nthaka ndi asanu okha. N'chifukwa chake mabungwe ena amaika padera ndalama zoti aluso osakhala azungu azijambula kapena kusema pamalo poonekera. Ngati ndinu mmisiri wokhala kumeneko, ndalamazi mungazipemphe, koma pali njira yake.

Choyamba, musathamangire fomu. Pezani malo, mupeze mwini khomalo, akulembereni kalata yovomereza. Kenako khalani pansi ndi anthu oyandikana nalo: a kutchalitchi, ometa tsitsi, achinyamata a pasukulu, agogo omwe anabadwira mumsewumo. Afunseni zomwe akufuna kuona tsiku ndi tsiku akamapita kokwerera basi, ndi zomwe sakuzifuna. Apa m'pamene pagona nkhani. Oweruza mapempho amaona zithunzi zokongola zambirimbiri. Chomwe amasakasaka ndi umboni woti eni dera ali nanu limodzi. Ine ndimati amene wafika ndi chithunzi chomalizidwa kale, n'kumangopempha anthu kuti asayine, walephera kale ngakhale ndalama atazipata. Lembani tsiku la msonkhano uliwonse ndi zomwe munasintha mutamva maganizo awo.

Mukatero funani opereka. New England Foundation for the Arts ya ku Boston inakhazikitsa thumba la Public Art for Spatial Justice la aluso a ku Massachusetts. Mizinda ina imapatula 1 peresenti ya ndalama zomangira nyumba za boma kuti ipite ku zaluso. Philadelphia inayamba mu 1959, New York inakhazikitsa lamulo lotere mu 1982. Mipata yambiri imalengezedwa pa tsamba la intaneti la CaFÉ. Werengani malamulo a chaka chino, osati a chaka chatha. Mu 2024 Fearless Fund inatseka thumba lake la amayi akuda ochita bizinesi itasumiridwa, ndipo mabungwe ambiri akusintha kalembedwe ka oyenera kupempha.

Mathumba ena sapereka kwa munthu payekha. Zikatero mufunika fiscal sponsor, bungwe lolembetsedwa monga Fractured Atlas, lomwe limakulandirirani ndalama n'kudulapo gawo lake. Onaninso ngati chiphaso chanu chokhalira ku America chimakulolani kulandira malipiro, ndipo kumbukirani msonkho.

Pa bajeti, dzilembereni malipiro anu poyamba, osachita manyazi. Aluso ambiri amalemba penti, mabulashi ndi makwerero, iwo n'kugwira miyezi itatu ulele. Zimenezi n'zolakwika, ndipo zimapweteka anzanu obwera m'mbuyo. Ikanimo okuthandizani, anthu a m'dera omwe ataya nthawi yawo, womasulira zinenero, inshuwalansi, chilolezo cha khonsolo ya mzinda, mankhwala oteteza penti ku dzuwa ndi mvula. Ganiziraninso wa panjinga ya olumala: adzafika pafupi? Nanga wosaona, mwamukonzera mawu ofotokoza chithunzicho?

Zithunzi za ntchito zanu zakale zikhale zowala bwino, ndipo pempho lifike tsiku lotsekera lisanathe.

Mwapambana? Musasayine mgwirizano musanauwerenge mpaka kumapeto. Lamulo la Visual Artists Rights Act la 1990 limateteza ntchito zodziwika kuti zisawonongedwe chisawawa. Mu 2018 khoti linalamula mwini nyumba za 5Pointz ku New York kulipira aluso 21 ndalama zokwana madola 6.75 miliyoni atafufuta zithunzi zawo ndi penti yoyera. Komabe migwirizano yambiri imakhala ndi ndime yokupemphani kutaya ufulu umenewu. Mukaiona, pitani nayo kwa loya, ndipo mgwirizanowo unene poyera yemwe adzasamale khomalo ndi zaka zomwe chithunzi chanu chidzakhalepo.