Manja Awiri pa Nambala Imodzi: Phunziro la Chiyankhulo cha C

Ophunzira athu, makolo ndi akuluakulu a komiti, tiyeni tiyambe ndi mzere umodzi wa pulogalamu: ndalama = ndalama + 2000; Mzerewu walembedwa m'chiyankhulo cha kompyuta cha C, chimene Dennis Ritchie anakonza ku Bell Labs cha m'ma 1972. Kwa ife ukuoneka ngati ntchito imodzi, koma kompyuta imaugwira m'magawo atatu. Imawerenga nambala yomwe ilipo, imawonjezera 2000, kenako imalemba yankho pamalo omwewo. Malo osungira nambalawo amatchedwa variable.

Pulogalamu imodzi imatha kukhala ndi antchito angapo ogwira ntchito nthawi imodzi, otchedwa ma thread, ndipo onse angathe kufikira variable imodzimodziyo. Apa m'pamene pali vuto.

Tiyerekeze kuti mu akaunti ya mwana muli K5,000. Bambo ake ali ku Zomba akutumiza K2,000 pa foni, malume ake ali ku Liwonde akutumiza K3,000 nthawi yomweyo. Thread yoyamba yawerenga 5,000. Isanalembe yankho, yachiwiri nayo yawerenga 5,000. Yoyamba yalemba 7,000, yachiwiri yalemba 8,000 pamwamba pake. Mu akaunti muyenera kukhala K10,000, koma muli K8,000. Palibe wakuba, palibenso amene waphonya masamu. K2,000 ya bambo yangofufutika. Akatswiri amatcha vutoli race condition, chifukwa yankho limadalira amene wafika msanga. N'chifukwa chake olemba mapulogalamu a ndalama za pa foni, monga a Mpamba ndi Airtel Money, ayenera kuliganizira kuyambira pachiyambi.

Choipa chake n'chakuti vutoli limabisala. Pulogalamu ikhoza kuyenda bwino miyezi, n'kudzalakwitsa tsiku limodzi. Pa 14 Ogasiti 2003 magetsi anazima kumpoto chakum'mawa kwa America ndi ku Ontario m'dziko la Canada, ndipo anthu pafupifupi 50 miliyoni anakhudzidwa. Chimodzi mwa zifukwa zake chinali race condition mu pulogalamu ya XA/21 imene kampani ya FirstEnergy ku Ohio inkayang'anira nayo mawaya ake. Alamu inasiya kulira, ndipo kwa nthawi yoposa ola limodzi ogwira ntchito sanadziwe kuti zinthu zikuipa. Kupeza cholakwikacho kunatenga masabata angapo.

Nanga mankhwala ake? Odziwika kwambiri ndi loko, amene amatchedwa mutex. Ali ngati kiyi mmodzi wa chipinda chosungiramo mabuku: amene wamutenga ndiye amalowa, enawo amadikira panja. Thread imaitana pthread_mutex_lock, imawerenga, imawonjezera, imalemba, kenako imaitana pthread_mutex_unlock. Lamulo limene ambiri amaliiwala ndi ili: wongowerenga nayenso atenge kiyi. Akapanda kutero, angathe kupeza nambala yakale kapena imene ili mkati mosinthidwa. Ndipo kiyi asasungidwe nthawi yaitali, apo ayi ma thread onse akhala pamzere ngati pa chigayo tsiku la msika.

Ngati chogawanacho ndi nambala imodzi yokha, pali njira yachidule. Mu 2011 malamulo a C11 anabweretsa stdatomic.h. Variable ikakhala ya mtundu wa atomic_int, lamulo la atomic_fetch_add limagwira magawo atatu aja pamodzi, popanda wina kulowerera pakati.

Ena amakhulupirira kuti kulemba liwu lakuti volatile patsogolo pa variable n'kokwanira. Ayi ndithu. Liwuli limangoletsa kompaila kudumpha kuwerenga kapena kulemba nambalayo, koma magawo atatu aja amakhalabe atatu. Ife tikuona kuti wophunzira ayambe ndi mutex, chifukwa ndi wosavuta kumutsatira ndi maso. Angosamala akamagwiritsa ntchito maloko awiri: ma thread onse aziwatenga m'ndondomeko imodzi, kuopa kuti aliyense angagwire kiyi mmodzi n'kumadikira wa mnzake mpaka kalekale.

A Fomu 3 ndi 4 amene mungapeze kompyuta, yesani izi. Pangani ma thread awiri, iliyonse iwonjezere 1 pa variable imodzi maulendo 1,000,000 popanda loko. Kawirikawiri yankho silifika 2,000,000, ndipo limasintha mukayendetsanso pulogalamuyo. Kenako ikani mutex, muyendetse kasanu, mulembe mayankho onse m'kope.