Mmishonale Watsopano ndi Chilankhulo cha Eni Mudzi: Mafunso ndi Mayankho

N'chifukwa chiyani masiku oyamba a mmishonale amathera pa kuphunzira chilankhulo, osati pa kulalikira?

Mmishonale, kutanthauza munthu amene mpingo wamutuma kukagwira ntchito pakati pa anthu a mtundu wina, amafika kumalo ake atsopano ali ndi maphunziro ozama a zaumulungu, koma pa nkhani ya kuyankhula amaposedwa ndi mwana wa zaka zitatu wa m'mudzi momwemo. Akadalira womasulira, uthenga umadutsa pakamwa pawiri, ndipo iye sangadziwe ngati zimene anthu amva ndi zomwe ananena. Kadinala Charles Lavigerie, amene anayambitsa chipani cha ansembe a White Fathers ku Algiers mu 1868, analamula ansembe ake kuti aziphunzira chilankhulo cha anthu amene awapeza ndi kuleka msanga kudalira omasulira.

Nkhani imeneyi ikukhudza bwanji dera la Nathenje ndi Mitundu?

Dera limeneli, la kumwera kwa Lilongwe, lili pakati pa mamishoni akale a mipingo iwiri. Amishonale a Dutch Reformed Church ochokera ku South Africa, motsogozedwa ndi Andrew Charles Murray ndi T.C.B. Vlok, anakhazikika ku Mvera mu 1889, ndipo mu 1896 anatsegula mishoni ya Nkhoma m'dziko la mfumu Mazengera, komwe munthu wochokera ku Lilongwe amafikako lero podutsa pa Nathenje ndi kupatuka pa Kamphata. Mbali inayi, a White Fathers anafika ku Mua mu 1902 ndi kukhazikitsanso Likuni m'nyengo yomweyo. Chichewa chimene alendowa anayamba kuchimva ndi kuchilemba chinali cha m'midzi yozungulira mamishoniwa, ndipo Buku Lopatulika, lomwe ntchito yolimasulira anaitsogolera William Hoppe Murray mpaka linatuluka lathunthu mu 1922, linafalitsa mayankhulidwe a m'chigawo chapakati kufikira ku Zambia, ku Mozambique ndi kwa Amalawi a kumigodi ya ku Zimbabwe ndi ku Joni.

Ankaphunzira kwa yani pamene mabuku kunalibe?

Ankaphunzira kwa eni chilankhulo, ngakhale kuti mayina a ambiri mwa aphunzitsiwa sanalembedwe pachikuto cha buku lililonse. Dikishonale ya Johannes Rebmann, yomwe inasindikizidwa mu 1877, inapangidwa kufupi ndi Mombasa ndi munthu amene sanapondepo ku Malawi. Mawu onse anawamva kwa Salimini, Mchewa amene anagwidwa ukapolo n'kutengeredwa kugombe la Kenya. Dikishonale ya Chimang'anja ya David Clement Scott wa mishoni ya Blantyre inatsatira mu 1892, ndipo patapita zaka zambiri, mu 1969, ku Likuni kunasindikizidwa buku la Bambo Salaun lotchedwa Chichewa Intensive Course, lolembedwera alendo ofuna kudziwa Chichewa m'nthawi yochepa. Komabe buku limangopatsa munthu mawu ndi malamulo; katchulidwe ndi kakhalidwe amazitola kwa mkatekisiti, kwa mphunzitsi, kwa wophika ndi kwa ana, amene saopa kumuseka akalakwitsa, ndipo mwa njira imeneyo amamuwongolera mwachangu kuposa akuluakulu, omwe ulemu umawachititsa kungovomera.

Ndi zinthu ziti zimene zimamusautsa mlendo m'masabata oyamba?

Choyamba ndi khutu. Mzungu wolankhula Chingerezi samva msanga kusiyana kwa p ndi ph kapena t ndi th, chifukwa kwawo kampweya kotsatana ndi liwu sikasintha tanthauzo, pamene m'Chichewa kuponya ndi kuphonya ndi zinthu ziwiri, monganso kupala ndi phala. Dzina loti Nathenje palokha ndi mayeso okwanira, popeza lili ndi th amene Angerezi amamutchula moluma lilime, ndiponso nj amene alendo amakonda kumudula pawiri. Pamwamba pa izi pali kukweza ndi kutsitsa kwa liwu, komwe kalembedwe ka masiku onse sikakuonetsa: mtengo wa m'nkhalango ndi mtengo wa chimanga pamsika wa Mitundu amalembedwa chimodzimodzi, khungu la thupi ndi khungu la maso chimodzimodzinso, ndipo ndi kamvekedwe kokha kamene kamawasiyanitsa.

Chachiwiri ndi magulu a mayina, ndiye kuti dongosolo limene dzina lililonse limakhala ndi gulu lake, ndipo gululo limalamula maphatikizo ogwirizanitsa m'chiganizo chonse. Wophunzira akadziwa kuti mtundu umodzi ukachuluka imakhala mitundu, amayenera kudziwanso kuti mtundu wabwera koma mitundu yabwera, chinthu chagwa koma zinthu zagwa, ndipo kwa miyezi ingapo amayankhula modukizadukiza chifukwa chofunafuna m'mutu phatikizo loyenera.

Chachitatu, chimene mwina n'chachikulu kuposa zinazo, ndi ulemu. Mlendo amene wanena kuti iwe kwa nyakwawa kapena kwa mayi wachikulire, m'malo mwa inu, walakwa kwambiri kuposa amene wasokoneza magulu onse a mayina, pakuti galamala yopotoka anthu amaiseka n'kuikhululukira, koma mwano amausunga. Ayenera kuphunzira kunena odi asanalowe pakhomo, kudikira mpando ndi moni asanayambe malonje, kuika a kutsogolo kwa dzina la munthu wamkulu, kulandira chinthu ndi manja awiri, ndi kukhala chete pasiwa mpaka eni mbumba atayankhula. M'dera ngati la Mitundu, kumene gule wamkulu ali ndi mphamvu, amaphunziranso kuti pali mawu ndi malo, monga dambwe, zomwe munthu wosameta safunsa mwachisawawa.

Nanga mmishonale wotumidwa ku Japan amakumana ndi zofanana?

Pa kalembedwe mavuto ake ndi aakulu koposa, chifukwa Chijapani chimalembedwa ndi mitundu itatu ya zilembo: hiragana ndi katakana, zomwe chilichonse chili ndi zizindikiro 46 zoimira maphatikizo, ndi kanji, zilembo zochokera ku China zoimira tanthauzo, zomwe boma la Japan linaika 2,136 pa mndandanda wa zogwiritsidwa ntchito masiku onse mu 2010. Pasukulu yophunzitsira amishonale ya mpingo wa Latter-day Saints ku Provo, m'dziko la America, opita ku Japan amakhala pafupifupi masabata 9, nthawi yokwanira kupemphera, kupereka moni ndi kuphunzitsa mfundo zoloweza, koma yosakwanira kuwerenga nyuzipepala.

Pa kuyankhula, komabe, Mchewa angakhale ndi mwayi umene Mngerezi alibe. Chijapani chili ndi mavawelo asanu ngati a Chichewa, maphatikizo ake ambiri amathera ndi vawelo, ndipo kukwera ndi kutsika kwa liwu kumasiyanitsa mawu, monga hashi wotanthauza mlatho ndi hashi wotanthauza timitengo todyera. Chilinso ndi keigo, mayankhulidwe aulemu amene amasintha mneni malinga ndi msinkhu kapena udindo wa amene akuyankhulidwa, chinthu chimene munthu woleredwa ndi inu ndi iwe sangachione chachilendo. Ulendo wobwerera nawonso ulipo: kuyambira mu 1971 dziko la Japan lakhala likutumiza ku Malawi achinyamata ogwira ntchito mongodzipereka m'masukulu, m'zipatala ndi m'zaulimi, amene si amishonale, koma ambiri a iwo amayamba ndi moni ndi zikomo womwewo.

Kodi kulakwitsa liwu limodzi kungasokoneze chiphunzitso?

Kungathe, ndipo chitsanzo chodziwika bwino n'chochokera ku Japan komweko. Francis Xavier atafika ku Kagoshima mu 1549, ankadalira Mjapani wotchedwa Anjirō, amene anamupatsa dzina loti Dainichi kuti ndilo la Mulungu. Patapita nthawi Xavier anazindikira kuti limeneli ndi dzina la Buddha wolemekezedwa m'chipembedzo cha Shingon, ndipo analisiya n'kuyamba kugwiritsa ntchito liwu la Chilatini loti Deus. Anzake a chipani cha Jesuit amene anatsatira anaika mtima kwambiri pa chilankhulo, mpaka anasindikiza dikishonale ya Chijapani ndi Chipwitikizi ku Nagasaki mu 1603.

Pakati pa Achewa vuto silinali kusowa kwa dzina koma kuchuluka kwake, popeza anthu ankadziwa kale Chauta, Namalenga, Mphambe, Leza ndi Mulungu, ndipo mmishonale anayenera kusankha lomwe linganyamule chiphunzitso chake popanda kukumbutsa omvera za nsembe za mvula za kwa Makewana ku Msinja. Omasulira Buku Lopatulika anatenga Mulungu, ndipo pa dzina lenileni la Mulungu wa Israyeli analemba Yehova. Panapita zaka 76 kuti limodzi mwa mayina a makolo aja lilowe m'malo mwa Yehova, pamene Buku Loyera, lomwe Akatolika ndi mipingo ina anamasulira pamodzi, linatuluka mu 1998 likunena kuti Chauta.