Kasitomala akakana zomwe zalembedwa

Funso: Wolemba mauthenga otsatsa malonda wa ku Dedza, wodzilemba yekha ntchito, amadziimba mlandu kasitomala akakana zomwe walemba. Kodi kudzichitira chifundo sikungamugwetse ulesi?

Yankho: Ayi. Mu 2003 katswiri wa zamaganizo Kristin Neff anafotokoza kuti kudzichitira chifundo n'kudzilankhula mokoma, kukumbukira kuti aliyense amalakwitsa, ndiponso kuona vuto monga lilili, osalikulitsa. Wodzinyoza amaopa kuimbiranso kasitomala, ndipo kawirikawiri amatsitsa mtengo pachabe. Wodzichitira chifundo amafunsa pomwe palakwika. Mwina uthenga wa pa WhatsApp wotsatsa kachewere wa ku Bembeke sunatchule mtengo wa thumba kapena pomwe galimoto ingaime pamsewu wa M1. Amaukonza, n'kuutumizanso pa mtengo womwe anagwirizana, kasitomalayo osamutaya.