M'mene Kompyuta Imaonetsera Kachilombo ka HIV Kakumanga Chigoba Chake

Palibe mwa ife amene sanamvepo dzina la kachilombo ka HIV, pakuti maliro amene kanadzetsa m'midzi mwathu ngosaiwalika. Komabe palibe ndi mmodzi yemwe amene anakaona ndi diso lake, popeza tizilombo 10,000 titandandalikidwa pamzere umodzi tingangokwana pafupifupi milimita imodzi. Nanga tsono kanema woonetsa kachilomboka kakudzimanga, akatswiri amamukonza bwanji?

Ntchito imayamba ndi kuyeza. Kachilomboka n'kopangidwa ndi mamolekyu, ndiwo timagulu ta maatomu ogwirana, ndipo ambiri mwa iwo ndi mapuloteni. Akatswiri amaumitsa mapuloteniwo ndi kuzizira koopsa n'kuwayang'ana ndi maikulosikopu yamphamvu, kapena amawaunika ndi X-ray, kufikira atadziwa pamene atomu iliyonse yakhala. Ndipo malo akewo amawalemba ndi manambala atatu, a m'litali, m'lifupi ndi m'mwamba. Zolembazi zimasungidwa mu Protein Data Bank, imene inatsegulidwa ku America m'chaka cha 1971 ili ndi mamolekyu 7 okha, koma lero ili ndi oposa 200,000, ndipo aliyense angathe kutapamo kwaulere.

Pamenepo wokonza kanema amatsegula pulogalamu ya pakompyuta, monga ChimeraX ya ku University of California, imene imawerenga manambala aja n'kuwasandutsa chithunzi chotheka kuchitembenuza mbali zonse. Iye amatenga puloteni imodzi naichulukitsa, nakonza chithunzi choyamba mapuloteni ali omwazikana, ndi chomaliza ali ogwirana. Kompyuta ndiyo imadzaza zithunzi zapakati, zimene zikamadutsa 24 pa sekondi iliyonse, diso limaziona ngati chinthu choyenda. Mayi Janet Iwasa a ku University of Utah ndi mmodzi wa odziwika pa luso limeneli, ndipo anakonza kanema wa moyo wonse wa kachilombo ka HIV.

Taonani tsono zimene kanemayo amasonyeza. Kachilombo katsopano katangotuluka mu selo ya munthu, puloteni yake yaitali imadulidwa m'zidutswa, ndipo zidutswa zofanana zoposa 1,000 zimayamba kugwirana zisanu n'chimodzi zisanu n'chimodzi, koma magulu 12 okha ndiwo amagwirana zisanu, monga zigamba za mpira wa miyendo. Magulu 12 amenewa ndiwo amapinditsa chigoba kuti chitsekeke, chotakata mbali imodzi ndi chosongoka mbali inayo, ndipo m'kati mwake mumabisala malangizo amene kachilomboka kamaberekerana nawo. Mu 2013 akatswiri a ku University of Illinois anaika chigoba chonsecho m'kompyuta yaikulu yotchedwa Blue Waters, imene inawerengetsa kuyenda kwa maatomu 64 miliyoni. Masamu ake ngozama. Ife kutikwanire kunena kuti kuona maso a nkhono n'kudekha.

Koma pano tcherani khutu. Kanemayo sanajambulidwe ndi kamera m'thupi la munthu ayi. Mitundu yofiira ndi yobiriwira imene mumaiona anaipaka ndi wokonza, kuti musiyanitse puloteni iyi ndi inzake. Mpata waukulu umene uli pakati pa mamolekyu nawonso ngwochita kukonza, pakuti m'thupi ali othithikana, akugundana kosalekeza ndi mosatsata njira, kufikira oyenerana atakumana. Ndipo pamene akatswiri sanayezebe, wokonzayo amalingalira zimene zingachitike. Chifukwa chake munthu akakutumizirani pafoni kanema wokongola wa tizilombo tikusungunuka, nanena kuti mankhwala amene akugulitsa m'botolo amachiza Edzi, musataye ndalama zanu za feteleza, pakuti chithunzi chotere angathe kuchikonza aliyense wodziwa kompyuta. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Pitani kuchipatala mukafunse.

Phindu lenileni la ntchitoyi ndi lakuti wodziwa mamangidwe a chigoba amadziwanso pochiwonongera. Mankhwala a lenacapavir, amene munthu amabayitsa kawiri pachaka, amakakamira pachigobacho n'kusokoneza kumangika ndi kutseguka kwake. Anayesedwa pakati pa atsikana ndi amayi a ku South Africa ndi Uganda, ndipo mu 2025 bungwe la WHO linawavomereza ngati njira yodzitetezera. Inu amene muli pa ma ARV, pitirizani kumwa tsiku ndi tsiku monga anakulangizirani a chipatala.

Mafunso

1. Kodi malo a atomu amalembedwa ndi manambala angati?
2. Nanga magulu 12 a zidutswa zisanu amagwira ntchito yanji?
3. Tchulani zinthu ziwiri za m'kanema zimene wokonza amawonjezera yekha.