Phunziro 17: Tsitsi Likathothoka

Tiwerenge pamodzi: tsitsi, wigi, duku, chipere.
wa we wi wo wu
ga ge gi go gu

Chimanga chikafiira m'munda, timazula phesi limodzi ndi kuona mizu. Kaya ndi chiswe, kaya kaufiti, kaya nthaka yaguga, timayamba tadziwa. Tsitsi nalo lili ndi mizu yake.

Masiku ano mawigi afika kuno ku Chifunde. Amalonda amabwera nawo kuchokera ku Tete, ena ku Katete kudzera pa chipata cha Cassacatiza. Wigi ndi tsitsi lovala ngati chipewa. Amayi amene tsitsi lawathera amafuna wigi kuti ayende momasuka pa msonkhano wa koperativa. Palibe cholakwa. Koma tisanatulutse ndalama za fodya kapena mtedza, tifunse: tsitsili lathothoka chifukwa chiyani?

Mayi akabereka, tsitsi limayoyoka pakapita miyezi 3. Limamera lokha chaka chisanathe. Apa duku akwanira, ndalama zisungike. Magazi akachepa m'thupi, tsitsi limapyapyala. Tikayezetse, ndipo tidye nyemba, bonongwe, chisoso ndi chiwindi. Amene akulandira mankhwala amphamvu a khansa, tsitsi limachoka pakatha masabata 2 kapena 3. Akamaliza mankhwala, limameranso.

Chipere ndiye choopsa kuchibisa. Chimadya tsitsi mozungulira, pamutu nkutuwa ndi kuyabwa. Pansi pa wigi pamatentha ndipo pamachita thukuta. Chipere chimakonda malo otero. Cha m'mutu sichimva mafuta opaka okha. Chimafuna mapiritsi a kuchipatala, akumwa masabata 6 mpaka 8. Chindoko nachonso chimathothola tsitsi apa ndi apo. Tikaona zotere, tipite kuchipatala, wigi adikire.

Palinso dazi lodziitanira tokha. Kuluka tsitsi mokoka kwambiri kumazula mizu ya pamphumi. Tikachita zimenezi zaka zambiri, mizu imafa, ndipo palibe mafuta amene angaidzutse.

Tsopano tadziwa chifukwa, ndipo tikufuna wigi. Tiyeze mutu ndi chingwe, kuyambira pamphumi, kudzera pamwamba pa makutu, mpaka kunkhongo. Chingwecho tipite nacho kumsika. Wigi wothina amapweteketsa mutu ndi kumaliza tsitsi lotsala. Titembenuze wigiyo tione mkati. Akhale ndi timabowo ngati ukonde, kuti mphepo ipite. Kwathu kuno kumatentha mu Okutobala, choncho wamfupi ndi wopepuka ndiye wabwino. Wautali wofika kumsana tiwasiyire a m'tauni.

Tisamate wigi ndi guluu. Pochotsa, guluu amazula tsitsi ndi kusupula khungu. Usiku tivule, mutu upume. Tichape ndi sopo m'madzi ozizira, tiyanike pamthunzi. Tisabwerekane, ngakhale pachibale, chifukwa chipere ndi nsabwe zimayenda nawo.

Mawigi otsika mtengo ndi a pulasitiki. Akayandikira moto amasungunuka, ena amayaka ndi kumata pakhungu. Popemerera moto pamafuwa, kapena posonkhezera nkhuni m'balani ya fodya, tivule wigi, timange duku.

Tikambirane:
1. Chipere cha m'mutu chimachira ndi chiyani?
2. Tsitsi limakula sentimita 1 pa mwezi. Lidzafika masentimita 6 pakapita miyezi ingati?
3. Lembani m'kope: Ndiyeza mutu ndi chingwe.