Mafunso ndi Mayankho: Agogo Anali Mzungu wa Fodya, Tiyambire Pati Kufufuza?

Wowulutsa: Makalata omwe tasankha lero akukhudza nkhani imodzi, ya azungu oyamba kukhazikika m'dziko muno ndi mabanja omwe anasiya. Tili ndi bambo amene akhala nthawi yaitali akufufuza mbiri ya mabanja m'mabuku akale a boma ndi a mipingo. Takulandirani, bambo.

Katswiri: Zikomo kwambiri, mayi. Moni kwa omvera onse.

Wowulutsa: Kalata yoyamba yachokera kwa bambo wina wogwira ntchito m'boma ku Capital Hill. Akuti: "Malemu agogo anga aakazi ankatiuza kuti bambo awo anali Mngelezi wogula fodya kuno ku Lilongwe, ndipo mayi awo anali a m'mudzi wina cha ku Nsaru. Dzina lenileni la mzunguyo sitilidziwa, timangodziwa lomwe anthu anamupatsa. Tsopano ana anga akundifunsa. Ndipite ofesi iti?"

Katswiri: Bambo, ku ofesi mudzapita, koma osati lero. Yambani mwapita kumudzi. Mapepala a ku National Archives ku Zomba mukawapeza ngakhale chaka chamawa, koma nkhalamba yomwe inaona agogo anuwo ali mtsikana siidikira. Kakhaleni pansi ndi amalume, azakhali, mwinimbumba ndi anyakwawa, mupemphe chilolezo chojambula mawu awo pa foni. Musawafunse kuti chinali chaka chanji, pakuti akulu sawerenga choncho. Afunseni ngati mwanayo anabadwa nkhondo ya Jeremani isanathe kapena itatha, ngati pa njala ya 1949 anali atakwatiwa kale, mzunguyo ankakhala pa esiteti iti, ankagulira fodya pa msika uti, kapitawo wake anali ndani, ndipo mwanayo anabatizidwa kuti.

Dzina lomwe anthu anamupatsalo musalipeputse, ndi umboni. John Moir wa African Lakes Company anthu ankamutcha Mandala chifukwa cha magalasi ake, ndipo dzinalo lilipo mpaka lero. Nkhalamba ya mudzi woyandikana nawo, imene bambo ake ankagwira ntchito pa esitetiyo, ikhoza kudziwa maina onse awiri.

Chinanso, mawu oti Mngelezi ndi ofunika kusamala nawo. Makolo athu ankatchula choncho pafupifupi mzungu aliyense wa boma la atsamunda, pomwe ambiri mwa oyambirira anali a ku Scotland. John Buchanan, amene anabwera ndi mishoni ya Blantyre mu 1876 n'kudzakhala mlimi wamkulu ku Zomba, anali wa ku Scotland. John Moir ndi m'bale wake chimodzimodzi. Ignaco Conforzi anali wa ku Italy, Eugene Sharrer anali wochokera ku Germany. Izi zili ndi ntchito chifukwa makaundula ake ndi osiyana. Ku England boma linayamba kulemba obadwa, okwatirana ndi omwalira mu 1837, pomwe ku Scotland linayamba mu 1855, ndipo mabuku ake amasungidwa malo osiyana. Mukalakwitsa dziko, mudzafuna munthu m'buku lomwe sanalembedwemo.

Wowulutsa: Nanga satifiketi ya kubadwa ya agogowo sangaipeze?

Katswiri: Apa ndi pomwe nkhaniyi imandiwawa, mayi. Lamulo la 1904 linkakakamiza kulembetsa ana a anthu omwe sanali Aafirika okha. Mwana wa mzungu wobadwa kwa mkazi wachizungu analembedwa, mwinanso n'kulengezedwa m'nyuzipepala. Mwana wa mzungu yemweyo wobadwa kwa mayi wa m'mudzi nthawi zambiri sanalembedwe paliponse, chifukwa ukwatiwo sunali wa kwa DC kapena wa kutchalitchi. Ena mwa azunguwo ankasamala ana awo, kuwalipirira sukulu ndi kuwapatsa dzina. Ambiri anangochoka. Chomwe chinapulumutsa anawo ndi mwambo wathu wa Achewa woti mwana ndi wa kuchikazi: mbumba inawalandira, amalume n'kuwalera.

Choncho kaundula woyamba kumufuna ndi wa mpingo. Ngati anali Akatolika, yambani ku Likuni. Ngati anali a CCAP, funsani ku Nkhoma ndi ku mpingo wa kwanuko. M'buku la ubatizo nthawi zina wansembe kapena m'busa ankalemba dzina la bambo, ngakhale boma silinalembe. Dziwaninso kuti anthu obadwa moteremu anadziyimira paokha: mu 1929 anakhazikitsa bungwe la Anglo-African Association, lomwe mmodzi mwa atsogoleri ake odziwika anali Henry Ascroft, ndipo ankalembera boma makalata opempha sukulu ndi malo. Makalata oterowo ali ndi maina, ndipo amasungidwa ku National Archives ku Zomba.

Wowulutsa: Yachiwiri ndi ya mayi wa ku Area 3. Akuti: "Tsiku ndi tsiku ndimadutsa Barron Avenue poperekeza ana kusukulu. Colby ndi Glyn Jones, omwe maina awo ali pa misewu ina, ndikudziwa kuti anali abwanamkubwa. Nanga Barron anali ndani, ndipo mbiri ya banja ngati limeneli munthu amaipeza bwanji?"

Katswiri: Mayi, mwafunsa bwino. Barron sanali wa boma, anali mlimi. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1920, A. F. Barron ndi mnzake R. W. Wallace anatenga malo a lizi ku Mbabzi, kunja kwa Lilongwe, n'kuyamba kupatsa alimi a m'midzi mbande za fodya wofukiza ndi utsi, kenako n'kumawagula fodyayo. Ulimiwo unafalikira mofulumira m'maboma a Lilongwe ndi Dowa, ogula ena anakhamukira kuno, ndipo mu 1926 boma linakhazikitsa Native Tobacco Board kuti liziyang'anira malondawo. Lilongwe anali kaboma kakang'ono, ndipo fodya ndi amene anamukuza kalekale likulu lisanasamukire kuno kuchoka ku Zomba mu 1975. Bambo a kalata yoyamba aja amve bwino apa: m'zaka zimenezo ogula fodya anali ambiri, ena anakhala nyengo imodzi kapena ziwiri n'kupita. Si bwino kuloza banja lodziwika chifukwa choti ndi dzina lokhalo lomwe mukulidziwa.

Mzungu wa esiteti anasiya mapazi malo ambiri, ndipo oyamba ndi malo omwewo. Amene anafika kale kwambiri, cha ku Blantyre, Zomba, Thyolo ndi Mulanje, anapatsidwa zikalata zotchedwa Certificates of Claim ndi Harry Johnston, mkulu wa boma la atsamunda, kuyambira mu 1892, pa malo omwe ankati anagula kwa mafumu, nthawi zambiri ndi nsalu, mikanda ndi mfuti. Kuno kuchigawo chapakati ambiri anali a lizi. Za umwini wa malo mukafunse ku unduna wa zamalo. Kenako pali gazeti ya boma, yomwe inayamba mu 1894, momwe ankalengeza malayisensi, malizi ndi chuma cha masiye. Pali nyuzipepala ya azungu yomwe inayamba mu 1895, imene pambuyo pake inatchedwa Nyasaland Times: m'menemo mumapezeka ofika, ochoka, maukwati ndi maliro. Ku Blantyre, m'nyumba ya Mandala yomwe inamangidwa mu 1882, muli laibulale ya Society of Malawi, yokhala ndi mabuku, zithunzi ndi magazini awo omwe akhala akutuluka kuyambira mu 1948. Pitaninso kumanda akale a mishoni ndi a m'maboma. Mwala wa pamanda kawirikawiri umatchula tauni yomwe munthu anabadwira, ndipo imeneyo ndiyo kiyi yotsegulira mabuku a kwawo.

Chenjezo limodzi: mu 1919 moto unapsereza ofesi yaikulu ya boma ku Zomba, ndipo mafayilo ambiri a zaka zoyambirira anathera pomwepo. Zomwe zinatsala ndi makalata omwe ankatumizidwa ku London, ndipo ali ku National Archives ya ku Kew. Kumeneko kulinso mndandanda wa anthu okwera sitima zochoka ku Britain kuyambira mu 1890 mpaka 1960. Pofufuza m'menemo musalembe kuti Malawi. Funani doko la Chinde kapena Beira, pakuti ndi momwe ankatsikira. Maina akale muwadziwenso: dzikoli linali British Central Africa mpaka 1907 pomwe linakhala Nyasaland, Nsanje anali Port Herald, Mangochi anali Fort Johnston, Mchinji anali Fort Manning.

Wowulutsa: Mnyamata wa ku Area 10, wophunzira pa koleji, akuti wapeza pa intaneti mndandanda wa banja la dzina lofanana ndi lake, wofika zaka za m'ma 1600, wokhala ndi chizindikiro cha banja lachifumu. Akufunsa ngati angaulandire kuti ndi wake.

Katswiri: Ayi achimwene, musaulandire. Dzina lofanana si ubale. Kodi a Phiri onse a mu Lilongwe muno ndi a agogo amodzi? Ndiponso kuno ena anatenga dzina la mzungu chifukwa ankamugwirira ntchito kapena anabatizidwa nalo, popanda magazi alionse. Mindandanda yambiri ya pa intaneti anthu amangokoperana, cholakwa cha mmodzi n'kufalikira kwa onse. Njira ndi imodzi: yambani ndi inuyo, mupite kwa bambo anu, kenako kwa agogo, m'badwo umodzi umodzi, ndipo pa sitepe iliyonse pakhale pepala kapena mboni. Mukafika kwa munthu wobadwira ku England, satifiketi yake imagulidwa ku General Register Office, ndipo kalembera wa kumeneko wokhala ndi maina alipo kuyambira 1841 mpaka 1921. Wa ku Scotland mumamupeza pa ScotlandsPeople. Kuyezetsa DNA kumathandiza, makamaka pomwe mapepala kulibe, chifukwa kukhoza kukulumikizani ndi asuweni akutali omwe anayezetsanso. Koma sikutchula dzina la agogo, ndipo nthawi zina kumavumbula zinsinsi zomwe banja silinakonzekere. Kambiranani kaye ndi makolo.

Wowulutsa: Yomaliza ndi yaifupi, ya bambo wa ku Area 43: "Ndikapeza umboni woti agogo anali Mngelezi, kodi ndingapeze pasipoti ya ku Britain kapena gawo la esiteti?"

Katswiri: Bambo, ndisakunamizeni. Unzika wa Britain nthawi zambiri umadutsa m'badwo umodzi wokha kwa obadwira kunja, ndipo kwa zaka zambiri mwana wobadwa kunja kwa ukwati wolembetsa sankautenga kudzera mwa bambo. Malamulowo akhala akusintha, choncho kafunseni ku ofesi ya kazembe wa Britain ku City Centre kapena kwa loya, osati kwa anthu olonjeza kukukonzerani mapepala. Za esiteti, ambiri mwa malowo anagulitsidwa kangapo kapena anabwerera ku boma lizi itatha. Ndipo mukapeza adzukulu a mzunguyo, kuno kapena kunja, alembereni mwaulemu, muwauze zomwe mwapeza ndi komwe mwazipeza. Mwina iwonso sakudziwa kuti ali ndi abale ngati inu. Mukayamba ndi nkhani ya chuma, chitseko chitsekedwa, ndipo zithunzi ndi makalata omwe akanakuonetsani simudzaziona.

Ndikufuna ndiwonjezere chimodzi kwa onse anayi. M'makalata ngati awa dzina lomwe anthu amalifuna ndi la mzungu, koma iyeyo analembedwa kale m'mabuku a boma, a sitima ndi a kampani. Amene ali pafupi kuiwalika ndi mayi uja anabereka ndi kulera mwanayo. Pa tsamba loyamba la kope lanu lembani dzina lake, mfunda wake, mudzi wake ndi mfumu yake, ndipo mufunse za iye ndi khama lomwelo.

Wowulutsa: Omvera, amene muli ndi agogo kumudzi, kawaoneni mwezi uno ndi kope m'manja, ndipo mutilembere zomwe mwapeza.