Puteoli: Doko Limene Paulo Anapezapo Abale

SABATA MASANA

Werengani Machitidwe 28:11-16. Vesi loloweza: Machitidwe 28:14.

Mfundo yaikulu: Puteoli unali mzinda wolemera ndi wotchuka, koma Malembo aukumbukira chifukwa cha okhulupirira osatchulidwa maina amene analandira munthu wandende.

TSIKU LOYAMBA: Nkhokwe ya Roma

Puteoli, umene lero utchedwa Pozzuoli, uli m'mbali mwa nyanja kummwera kwa Italy, chakumadzulo kwa mzinda wa Napoli. Unamangidwa ndi Agiriki ochokera pa chilumba cha Samos cha m'ma 530 B.C., ndipo anautcha Dicaearchia. M'chaka cha 194 B.C. Aroma anakhazikamo anthu awo, nautcha Puteoli. Popeza anthu a mu Roma anali ochuluka koposa tirigu wa m'minda yowazinga, zombo zazikulu zinali kutenga tirigu ku Alexandria, m'dziko la Egypt, ndi kudzatsitsa pa doko limeneli. Seneca, mlembi wa m'masiku a Paulo, anasimba kuti zombozi zikaonekera, khamu la mumzinda linali kukhamukira ku gombe.

Kodi chombo chimene Paulo anakwera pochoka ku Malta chinali cha kuti? Mach. 28:11.

LOLEMBA: Mwera Unawakankha

Chombo chawo chitasweka, Paulo ndi anzake anakhala ku Malta miyezi itatu. Atachokako anaima masiku atatu ku Syracuse, nafika ku Rhegium, kumene lero ndi Reggio Calabria. Kumeneko kunaomba mwera, ndipo mtunda woposa makilomita 300 anautsiriza tsiku lachiwiri lokha. Izi zinachitika cha m'ma 60 A.D., Nero ali mfumu ya Roma.

LACHIWIRI: Abale a pa Doko

Werengani Mach. 28:13-15. Kodi Paulo anapeza yani ku Puteoli, ndipo anamupempha chiyani?

Mtumwi asanapondepo phazi, mpingo unalipo kale. Doko limasonkhanitsa amalonda, amalinyero ndi akapolo a mitundu yambiri, ndipo Josephus, mlembi wa mbiri ya Ayuda, anatchula kuti Ayuda anali kukhala mumzindawu. Zombo zimene zinanyamula tirigu zinanyamulanso anthu okhala ndi uthenga wabwino. Luka sanalembe dzina la mbale ndi mmodzi yemwe. Analemba ntchito yawo.

Tisapeputse chimene anachita. Paulo anafika ngati woimbidwa mlandu, wopita ku bwalo la Kaisara, wolonderedwa ndi asilikali. Kumulandira kunali kudziulula pamaso pa boma kuti iwo ndi amodzi ndi wandendeyo. Kunalinso kudyetsa alendo masiku asanu ndi awiri, ndipo mwa masikuwo limodzi linali Sabata. Akuluakulu amati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Abalewa anazindikira kuti mwayi wotumikira Paulo sudzabweranso.

Mbiri ya kufika kwake inamveka ku Roma. Okhulupirira ena anayenda makilomita pafupifupi 65 kukamchingamira ku Forum Appii, ena makilomita pafupifupi 50 kufika ku Tres Tabernae. Atawaona, mtumwi anathokoza Mulungu ndipo mtima wake unakhala m'malo. Amene analimbitsa anthu onse m'chombo nthawi ya namondwe anafunanso womulimbitsa.

Kodi ndani mwa atsogoleri anu amene mumayesa kuti safuna chilimbikitso?

LACHITATU: Chuma Chinasamuka

Ulemerero wa Puteoli unali woonekera. Bwalo lake lalikulu la masewera, limene lidakalipo, ndi lachitatu pa kukula kwake mwa mabwalo otere a mu Italy. Phulusa la m'nthaka yake, lotchedwa pozzolana, Aroma anali kulisakaniza ndi laimu kuti apange simenti yolimba ngakhale pansi pa madzi. Koma m'chaka cha 42 A.D. mfumu Claudius anayamba kumanga doko lina pafupi ndi Ostia, kufupi ndi Roma, ndipo pambuyo pake Trajan analikuza. Pang'ono ndi pang'ono zombo za tirigu zinatembenukira kumeneko, ndipo malonda a Puteoli anachepa. Mpingo wokha sunasamuke. Mbiri ya Akristu oyamba imasimba kuti cha m'ma 305 A.D., m'chizunzo cha Diocletian, okhulupirira ena anaphedwera pamenepa chifukwa cha dzina la Yesu.

Werengani Yakobo 4:13-15. Kodi mavesiwa akuchenjeza chiyani amalonda?

LACHINAI: Nthaka Yosakhazikika

Mzindawu uli m'chigwa cha chiphala chotentha chotchedwa Campi Flegrei, kumene nthaka imakwera ndi kutsika. Nsanamira zitatu za msika wakale zili ndi mabowo obooledwa ndi tizilombo ta m'nyanja, umboni wakuti msikawo unamira, nutulukanso. M'chaka cha 1538 phiri latsopano, Monte Nuovo, linabadwa m'sabata imodzi. M'chaka cha 1970 boma linasamutsa anthu a m'dera lakale la Rione Terra. Pakati pa 1982 ndi 1984 nthaka inakwera pafupifupi mamita awiri, doko linakhala losaya, ndipo anthu zikwi makumi anasiya nyumba zawo.

Ife a m'munsi mwa phiri la Mulanje sitifuna wotiuza tanthauzo lake. M'mwezi wa Malichi 2023 namondwe Freddy anagwetsa matope ndi miyala pa midzi ya ku Mulanje ndi ku Phalombe, ndipo opulumuka anagona m'masukulu, m'matchalitchi ndi m'nyumba za anansi.

Werengani Ahebri 12:26-28. Kodi chimene sichigwedezeka ndi chiyani?

LACHISANU: Mafunso Okambirana

1. Wandende akatuluka ndi kubwerera kumudzi, kodi mpingo wanu umamulandira motani? Yerekezani ndi Mateyu 25:34-40.

2. Apaulendo ambiri amadutsa pa Muloza kupita ndi kuchokera ku Mozambique. Kodi mlendo wofika Lachisanu madzulo angapeze abale kwanu?

3. Ndani m'dera lanu amene anataya nyumba mu 2023 ndipo kufikira lero alibe pokhala pokhazikika? Kalasi yanu isankhe banja limodzi, nigwirizane chimene ichite sabata ino.